Disiko D ndi Manda a ku Mualadze

Nacala, 4 Agosto 2019

Mlongo wanga Ludovina,

Moni kwa iwe ndi alamu anga a Quintino. Amayi ali bwanji ku Mualadze, mwendo uja ukadali wotupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti makutuwa akunka naipiraipira ndi phokoso la malamba onyamula malasha pa doko pano. Pa foni ndimangoti eya eya osamva kanthu. N'chifukwa chake ndalemba kalata, komanso zomwe ndikuuzezi zikufunika pepala loti uziyang'anapo uku ukuchita.

M'katoni yomwe wakupatsa Ussene, mnzanga woyendetsa lole uja, muli komputadori yatsopano. Ndikudziwa kuti chipsereni yakale ija anthu ofuna kulembetsa makalata akhala akukudutsa pakhomo kupita kwa ena kumsika. Tsopano abwerera.

Mvetsera bwino. M'kati mwake muli madisiko awiri. Yaing'ono imatchedwa C. Ndi yothamanga koma siichedwa kudzaza, ndiye mmenemo muzikhala mapulogalama okha. Yaikulu imatchedwa D, ndi ya majiga chikwi chimodzi, ndiwo muyeso wa malo ake. Wogulitsa wati sinagwirepo ntchito, choncho uyambe waifolomata, ndiko kuti kuisesa. Uloze D, udine batani lakumanja la kambewa, usankhe Formatar. Ikuopseza kuti zonse zifufutika. Usaope, vomera, mulibe kanthu. Ukatero upangemo mapasita atatu, ndiwo mafoda osungiramo zinthu: NTCHITO ya makalata a anthu, BANJA ya zithunzi zathu, ndi MAJOGO ya masewera a pa komputadori. Alamu ndikuwadziwa, sapirira. Majogo awo aike mu D, asayerekeze kuika mu C.

Ukamaliza zonsezi, pomaliza penipeni, ulumikize kabokosi kakuda kaja, komwe Sualé wa ku Zóbuè anaikamo disiko ya komputadori yakale. Mmenemo muli pasita yolembedwa MANDA. Ukukumbukira kuti tsiku lomwe a kampani ya mgodi ankasamutsa mafupa kuchoka ku Mithete kupita ku Mualadze ndinajambula mtanda uliwonse ndi dzina lake, mzere ndi mzere, manda onse 74. Mitandayo inali yamatabwa. Ina inadyedwa ndi chiswe, yotsala inapsa ndi lupsa la chaka chatha. Palibenso kwina kumene kwalembedwa kuti apa wagona ndani. Ukopere pasitayo mu BANJA, usindikize, upite nazo kwa amayi, kuti chiliza cha abambo chimangidwe mvula isanagwe.

Undiyankhe kudzera mwa Ussene yemweyo.

Ndine mlongo wako,
Amândio

Moatize, 13 Agosto 2019

Achimwene,

Landirani moni wathu. Tonse tili bwino. Amayi mwendo waphwako, ngakhale salola kukhala pansi, akuti nkhuni sizidzitola zokha.

Katoni inafika Lachisanu ine ndili ku Mualadze. Pobwera Lamlungu ndinapeza a Quintino atamasula kale zonse, zingwe atalumikiza, komputadori ikuyaka patebulo. Nkhope yawo mukanaiona! Chiwachotsereni ntchito kumgodi sindinawaonepo akuseka chotero. Kalata yanu sanaitsegule poti inali ndi dzina langa.

Ndinachita monga munalembera, chala china papepala, china pa kambewa. D ndinaipeza ndipo ndinaifolomata. Inandiopsezadi, koma ndinakumbukira mawu anu n'kuvomera. Sizinatenge ndi mphindi yomwe. Mapasita atatu aja ndapanga. Makinawa amayaka ndisanamalize kukoka mpando! Anthu ayamba kubwerera, dzulo lokha ndalemba makalata asanu ndi imodzi opempha ntchito. Mulungu akudalitseni, achimwene.

A Quintino aika majogo awo mu D monga munanenera, ya mpira ndi ina yoyendetsa malole. Ine ndikapita kukaphika amakhala pamenepo, kuyendetsa lole yabodza m'misewu ya kunja, kuiimika pamalo pake mosamala ngati pali kapitawo akuwaona. Ndimawasiya.

Pali zinthu ziwiri zomwe sindikumvetsa. Inu munati D ndi ya majiga chikwi, koma pano ikulemba 465. Kodi wogulitsayo sanakupusitseni? Chachiwiri ndi kabokosi kakuda. Nditati ndikalumikize ndinapeza kali kale kumbuyo kwa komputadori, chingwe chili m'malo, kanyali kake kakuphethira. Koma pagalasi sikakuoneka. Pali C ndi D basi. Ndiyang'ane pati kuti ndipeze MANDA? Sindinakakhudze, ndikudikira inu.

Amayi agula kale matumba atatu a simenti ndi ndalama ya mbuzi. Mundiyankhe msanga.

Mlongo wanu,
Ludovina

Moatize, 27 Agosto 2019

Achimwene,

Moni. Kodi muli bwino? Masabata awiri atha. Foni yanu ndaimba mpaka manambala ndawaloweza, siikulowa. Mauthenga anayi ndatumiza, zii. Ussene akuti kalata anaisiya pa geti la kuntchito kwanu. Ngati mukudwala, wina andiuze.

Lachinayi ndinatopa n'kudikira. Ndinati mwina pobayira chingwe ndi pomwe pavuta, ndiye ndinazula kabokosi kaja kuti ndiyese pena. Nthawi yomweyo D inasowa pagalasi. NTCHITO, BANJA, MAJOGO, zonse. Nditabwezera chingwe, D inabwerera. Ndinayesa katatu. Katatu konse chimodzimodzi.

Achimwene, tandiuzani kuti si zomwe ndikuganizazi. Tandiuzani kuti D yomwe ndinasesa ija si kabokosi. Nanga ngati ndi kabokosi, disiko yaikulu yomwe munanena ili kuti? Ndatsegula mapasita onse mmodzimmodzi, MANDA mulibe.

Ndinakangana ndi a Quintino mpaka oyandikana nawo anatuluka. Ndinawafunsa kuti anawatuma ndani kulumikiza zinthu zomwe sakuzidziwa. Anati m'nyumba muno chingwe chilichonse amalumikiza ndi iwo, nanga lero chalakwika n'chiyani. Ndinawauza mawu oipa, kuti munthu wamkulu wasinthanitsa manda a apongozi ake ndi masewera a ana. Chichokereni tsiku limenelo amadya ali chete, ine ndimadya ndili chete.

Ntchito ndikugwirabe, poti tidya chiyani. Makalata a anthu ndikusunga mu D momwemo monga munanenera.

Amayi sindinawauze. Ndinati tinta yosindikizira yatha. Loweruka ndikapita sindikudziwa kuti ndikanena chiyani. Mwina mwamva kale kwa wina ndipo mwakwiya, n'chifukwa chake muli chete. Ngati ndi choncho, nditukwaneni papepala, ndiwerenga. Kukhala chete kwanuko ndiko sindingapirire.

Ludovina

Moatize, 30 Agosto 2019

Alamu,

Ndine Quintino. Moni, ndikhulupirira ntchito ikuyenda. Sindine wolemba makalata, mundikhululukire zolakwika. Mlongo wanu sakudziwa kuti ndalemba.

Ndikufuna mumve mbali yanga. Katoni itafika ndinafuna kuti mkazi wanga akabwera apeze zonse zili tayale. Kabokosi kanali pa shelefu pafupi ndi tebulo, chingwe chake chikulendewera. Ndinaona kuti ndi ka komputadori, ndinakabaya. Sindinadziwe kuti pali choyamba ndi chomaliza. Kalata inali yomata, ndipo ine sinditsegula makalata a eni.

Sindikukana kuti majogo ndinaika. Ndinaika pomwe inu munalamula. Ndikudziwa zomwe anthu amanena, kuti mwamuna ali pakhomo masana onse, mkazi ndiye akusaka chakudya. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinayendetsa lole yaikulu kumgodi osagunda ngakhale mbuzi. Ndikakhala pa jogo ija manja amakumbukira. Ndi zokhazo.

Apongozi anga ndinawanyamula nawo pa maliro ku Mithete. Sindingawasinthanitse ndi kanthu. Mawu amenewo andilasa, koma mlongo wanu sindikumuimba mlandu. Sakudya. Akawerenga kalata yanu ija amaipinda, kenaka n'kuitambasulanso.

Dzulo ndafufuta majogo onse awiri. Ndimaganiza kuti malo akapezeka mwina zithunzi zibwerera. Sizinabwerere. Pali mnyamata kumsika akuti angathe kutsegula kabokosiko ndi sikuludiraiva n'kuona m'kati. Ndamukaniza mpaka inu munene. Ngati pali chomwe munthu wopanda sikola ngati ine angachite, kunyamula, kuyenda, kugulitsa njinga yanga, nenani.

Mlamu wanu,
Quintino

Mualadze, 8 Setembro 2019

Amândio mwana wanga,

Ndine mai ako Fatinha. Akulemba ndi Rebeca, mkazi wa akatekisita, ine ndikungoyankhula. Moni. Ndili moyo. Mbuzi imodzi inafa, zina zilipo. Madzi pa mjigo akutuluka pang'ono, timadzuka kukadali mdima kukaima pa mzere.

Mlongo wako akuti zithunzi za manda zikudikira iwe. Sabata yoyamba anati tinta yatha. Yachiwiri anati magetsi. Tsopano akuti iwe sukuyankha. Ine sindinapite ku sikola, koma mwana wanga akamayankhula akuyang'ana zala zakumapazi ndimadziwa kuti pali kanthu.

Ngati unakwiya chifukwa ndinakunena pa Natale, Khirisimasi ija, kuti ukukalamba osakwatira, kwiya ndi ine. Abambo ako usawalange, sanakulakwire.

Ndinalengeza kutchalitchi kuti mwana wanga anasunga zithunzi za manda onse ndipo zikubwera. Anthu anaomba m'manja. Tsopano sindingapite kumjigo osafunsidwa. Ena aumba kale njerwa. Cármen, amene mwana wake wamkazi anagona kumandako, wabwera kanayi. Safunsa kanthu, amangokhala pakhonde n'kumapita.

Ine tsiku losamutsa mafupa ndinali gone ndi malungo, ukudziwa. Mtanda ulipo ndinkangopita pomwe andiwerengera dzina. Moto utadutsa ndinapita, mitumbira yonse yakuda, yonse yofanana, poti mafupa anaikidwa m'timabokosi tofanana, wamkulu ndi mwana yemwe. Ndinaima pamenepo ngati mlendo.

Simenti ndaisanjika pamatabwa, koma denga lino limadontha. Mvula ikayamba iuma m'matumba. Ndipo ine zaka zapita. Ndikufuna ndikafa mudzandiike pafupi ndi mwamuna wanga, osati pafupi ndi mwamuna wa wina.

Yankha.

Mai ako

Nacala, 19 Setembro 2019

Ludovina,

Moni nonse. Ndikhulupirira uthenga womwe ndakutumizira pa foni ya mnzanga wafika. Ndikubwereza: ZULA KABOKOSI. Usasungemonso ngakhale kalata imodzi. Kakulunge m'nsalu, kaike m'sutikesi.

Sindinakwiye, sindinadwale. Anatitumiza kukakonza njanji kutchire kupitirira Cuamba, masabata asanu, kopanda netiweki, ndipo foni yanga inagwera mu ngalande sabata yoyamba. Ndafika dzulo, mlonda wandipatsa makalata anayi pamodzi. Ndawawerenga nditaima pa geti.

Zomwe ukuganizazo ndi zoona. Disiko yaikulu ili m'kati mwa komputadori, koma sinadzutsidwe, n'chifukwa chake ilibe chilembo ndipo siikuoneka. Wogulitsa anandiuza kuti iziwoneka ngati D, ine ndinakhulupirira osayatsa n'komwe kuti ndione. Poti D inalibe mwini, kabokosi katalumikizidwa kanatenga chilembocho. Iwe unasesa chomwe ine ndinakuuza kuti usese. Ndine ndinalemba kuti usaope, mulibe kanthu. Alamu uwapepese, ndipo uwauze kuti nanenso ndikupepesa. Wolakwa wamkulu ndine, amene ndinasunga manda 74 pamalo amodzi zaka zonsezi osakopera kwina.

Chiyembekezo chilipo pang'ono. Kufolomata kwachangu sikupukuta zithunzi zenizenizo, kumangochotsa mndandanda wosonyeza pomwe zili. Koma chilichonse chomwe chalowa pambuyo pake chimagona pamwamba pa zakale n'kuziononga. Makalata ako ndi aang'ono. Chomwe chikundiopsa ndi majogo, amadya malo ambiri, ndipo kuwafufuta sikubweza zomwe anapondereza.

Kwera shapa, minibasi ija, upite ku Zóbuè kwa Sualé, utenge kabokosi ndi komputadori yomwe. Wa sikuludiraiva uja asakakhudze. Sualé ali ndi pulogalama yofukula zofufutika. Ndamulembera.

Amayi usawauze kanthu kaye. Ndawalembera kuti ndinali kutchire, zithunzi zikukonzedwa.

Amândio

Zóbuè, 28 Setembro 2019

Achimwene,

Moni kuchokera kuno kumalire. Tili bwino. Kukuzizira m'mawa ngati si Setembro, ife a ku Moatize tikuyenda titafunda zitenje anthu akutiseka. Tinabwera ndi a Quintino. Komputadori anainyamula pamiyendo njira yonse, kondakitala atati iikidwe kumbuyo ndi matumba a makala iwo anakana mpaka analipira mpando wachiwiri. Ndinawapepesa tili m'shapa momwemo. Anangoti, "Gwira bwino kabokosiko."

A Sualé anatilandira bwino. Sitolo yawo ili pafupi ndi pomwe malole amaima podikira mapepala, amagulitsa mafoni ndi kukonza. Akazi awo a Nadira atipatsa chipinda. Atamva nkhani yonse a Sualé anagwira mutu.

"Majogo anali aakulu bwanji?" anafunsa.

"Onse awiri majiga makumi asanu ndi limodzi," anatero a Quintino.

"Sindikulonjezani kanthu. Zomwe Mulungu wasunga tizipeza."

Anayamba ndi kudzutsa disiko yaikulu ija. Inalipodi, achimwene, majiga 931, yopanda kanthu. Anati zofukulidwa ziyenera kugwera mmenemo, osati m'kabokosi momwe zikuchokera. Pulogalama inayenda masiku awiri. Tsiku lachiwiri masana anatseka sitolo kupita kumzikiti, ine ndinatsala pabenchi panja, khutu lili pachitseko, kuopa kuti magetsi azima. Sanazime.

Zinatuluka zithunzi zoposa zikwi zisanu ndi zinayi, zopanda maina, manambala okhaokha, zosakanizika. Ukwati wanga, mbuzi, mapepala a anthu, nyumba yathu ya ku Mithete isanagwetsedwe. Zina zatuluka theka, kumunsi kuli phulusa lokhalokha. Tinakhala masiku ena awiri kutsegula chimodzichimodzi, ine kuwerenga maina pamitanda, a Quintino kulemba m'kope. Chinatithandiza n'choti munkajambula mtanda uliwonse wotsatira wake akuonekera m'mbali, ndiye tinatha kuwalumikiza.

Mzere woyamba mpaka wachinayi yapezeka yonse. Wachisanu ndi chimodzi wonse. Mzere wachisanu uli ndi manda khumi ndi awiri. Tapeza atatu oyambirira ndi awiri omalizira. Asanu ndi awiri apakati palibe. A Sualé anayendetsanso pulogalama ina tsiku lathunthu, osapeza kanthu. Akuti pamenepo ndi pomwe jogo inagona.

Tinawerenga maina 67 m'kope kawiri. Dzina la abambo mulibe. La mwana wa a Cármen mulibenso.

A Quintino anatuluka panja, anakaima kuyang'ana malole nthawi yaitali. Ine misozi sinabwere n'komwe.

Achimwene, inu munalipo tsiku lija. Yesani kukumbukira. Abambo ndi achingati mu mzere wachisanu?

A Sualé akonza madisiko. Tsopano aliyense ali ndi dzina, osati chilembo chokha: yaing'ono MAPULOGALAMA, yaikulu NTCHITO NDI BANJA, kabokosi NKHOKWE. Zithunzi za manda zili pamalo atatu, ndipo ndazisindikiza kawiri. Akana kulandira kanthu, akuti za manda salipiritsa.

Tibwerera mawa.

Ludovina

Nacala, 6 Outubro 2019

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi alamu. Kalata yako ndaiwerenga kambirimbiri.

Ndayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa. Ndikuona dzuwa, fumbi, anthu ovala magolovesi. Ndikukumbukira kuti ndinagwada pojambula mtanda wa abambo ndipo bondo linagwera pa minga. Koma kuwerenga sindinawerenge, ndinkati kamera ikundiwerengera. Mtima ukuti achisanu ndi chimodzi kuchokera kumsewu. Nthawi zina ukuti achisanu ndi chiwiri. Sindingalumbire.

Tsopano tamvera, ndipo kalatayi ukawerenga uing'ambe. Amayi ndi okalamba. Akufuna malo oti azigwada, ndi pambali poti adzagone. Bwanji tingowauza kuti chithunzi chapezeka, abambo ndi achisanu ndi chimodzi? Mwina ndi zoona kumene. Palibe amene angatsutse, poti umboni kulibe. Mabanja asanu ndi limodzi enawo uwauze kuti zawo zokha ndi zomwe zinaonongeka ndi kukalamba kwa disiko. Za kufolomata usatchule. Iwe umakhala pafupi, udzayenda bwanji pakati pa anthu amenewo akadziwa? Ine ndili kutali, sadzandiona.

Sindikunyadira zomwe ndalembazi. Koma ndikaganiza nkhope ya amayi, sindikuona njira ina. Tchuthi andikaniza mpaka Dezembro.

Uganize, undiuze.

Amândio

Moatize, 3 Novembro 2019

Achimwene,

Moni. Tonse tili moyo, amayi ali bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndikulembereni zinthu zitachitika.

Kalata yanu sindinaing'ambe. Ndinayenda nayo m'chikwama masiku angapo, ndipo ndisakunamizeni, ndinavomera mumtima. Ndinapita ku Mualadze Lamlungu pa 13 Outubro nditakonzeka kunena monga munalembera.

Mapemphero atatha anthu onse tinapita kumanda. A Quintino ankawerenga m'kope, ine ndinkapereka chithunzi, banja lililonse n'kukhoma chikhomo pa mtumbira wake. Ena analira, ena anaseka poona kuti chaka chonse akhala akulimira manda a eni. Titafika mzere wachisanu tinapereka atatu, kenaka awiri akumapeto, n'kulumphira ku mzere wachisanu ndi chimodzi. Pomaliza panatsala anthu ochepa ataima manja ali m'mbuyo. Amayi anali pakati pawo. A Cármen anali pafupi ndi mtumbira wachisanu ndi chimodzi, womwe munati tinene kuti ndi wa abambo. Ndinaganiza kuti ngati pamenepo pagona mwana wawo, ndiye kuti ndikuwalanda iwo akuona. Pakamwa panakana.

Ndinanena zonse. Kuti zithunzi zinalipo, kuti ndinasesa disiko yolakwika ndi dzanja langa, kuti zisanu ndi ziwiri zatayika ndipo sizidzabweranso. A Quintino anati, "Wolumikiza chingwe ndinali ine." Dzina lanu sindinatchule, koma amayi anafunsa, ndiye ndinawauza.

Bambo wina anatukwana kwambiri. A Cármen anandiyang'ana n'kunena kuti, "Unakandiuza tsiku loyamba, sindikanataya miyendo yanga kubwera kwa mai ako." Anachoka. Ine ndi amayi tinabwerera kunyumba. Kumeneko anati, "Miyezi iwiri mwakhala mukundinamiza ana anga awiri. Chimenecho chikundiwawa kuposa makina anuwo." Ndinagona kwa a Rebeca.

M'mawa anandiitana, anati nditenge khasu. Tinakalimira mitumbira isanu ndi iwiri yonse. Sabata imeneyo anayenda okha khomo ndi khomo, mwendo ukutupa, kupempha kuti timange chiliza chimodzi chachitali chokuta onse, maina onse alembedwe pamenepo. Mabanja asanu anavomera, ngakhale wotukwana uja, atakambirana ndi abale ake. A Cármen anawatsekera chitseko. Amayi anati sitingakute mwana wa munthu mai wake asanalole, ndiye tinadikira. Mitambo inayamba kusonkhana, thumba limodzi la simenti linauma pakona. Pomaliza tinagwirizana kuti timange mpanda waufupi wozungulira, ndi mwala wa maina kumutu, mitumbira isakhudzidwe.

Tinamanga dzulo. A Quintino anagulitsa njinga n'kuonjezera matumba anayi, ndipo njerwa anayala okha ndi amuna ena awiri. Simenti ya pamwala ili yaiwisi ndinayamba kulemba maina ndi msomali. Ndinalemba asanu ndi limodzi, n'kusiya mpata pansi.

Ndikupukuta msomali, ndinaona a Cármen akubwera ndi ndowa ya madzi pamutu. Anaitula pafupi ndi osakaniza simenti. Sanapereke moni kwa aliyense. Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa kakhadi ka ubatizo kothimbirira, n'kundipatsa.

"Ukopere monga zalembedwamo," anatero. "Usaonjezere, usachotse."

Ndinagwada. Ndinalemba chilembo chimodzichimodzi, iwo ataima pamwamba panga. Nditamaliza anaitana a Rebeca kuti awawerengere mokweza, kawiri. Anatenga kakhadi kawo n'kukamanganso pa mfundo.

Atasenza ndowa yopanda kanthu anatembenuka. "Iwe mwana wa Fatinha, simenti imafuna madzi masiku asanu ndi awiri, apo ayi ing'ambika. Ine ndizithira m'mawa. Madzulo ndi iwe."

Ndiye ntchito ya makalata ndaimika sabata ino. Ndabwera kudzangotenga zovala ndi kupereka kalatayi kwa Ussene. Shapa ya ku Mualadze inyamuka posachedwa, ndipo ndiyenera kukafika dzuwa lisanapendeke.

Mlongo wanu,
Ludovina